Lamba wa Pachifuwa Sanyamula Katundu

"Ba tela, chikwama ichi chandimaliza mapewa. Ndisokereni lamba apa pachifuwa, mumange kuti gwa, chisamagwedere n'pang'ono pomwe."

Wolankhulayo anali mnyamata wamtali, wa akatumba ouma, thukuta lili kamukamu. Unali mwezi wa Okutobala, pamene mchenga wa m'misewu ya Dambwa North, ku Livingstone, supondeka popanda nsapato. Magetsi anali atathima kuyambira m'mamawa, choncho wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi anali atatseka. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika ndi pokhapo pamene ntchito inkayenda, poti makina a atelala ndi opalasa ndi mapazi. Pamthunzi womwewo tinaunjikana ambiri: madala awiri a nsolo, mayi wogulitsa chibwantu, ndi ife ena ongodikira kuti dzuwa lipendeke.

Atelala sanayankhe msanga. Analandira chikwamacho, n'kuchitembenuza, n'kukoka zipi uku ndi uku. Chinali cha salaula, chachikulu, cha anthu okwera mapiri, nsalu yake idakali yolimba. Chinatuluka m'belo lamba wa pachifuwa ataduka kale, kachidutswa kokha kakulendewera kumanzere.

"Iwe mufana, wabwera nacho chopanda kanthu. Ndiyeza chiyani ine, mphepo? Kabwereke zigubu ziwiri za malita asanu kwa amai awo, udzaze madzi, uike m'katimu."

Mnyamatayo anang'ung'udza koma anapita. Atabereka chikwama cha makilo 10 amadzi, tonse tinaona chimene chinkamusautsa. Malamba a m'mapewa anayamba kutsetserekera kunja, kunsonga kwa mapewa, n'kumamudya m'mphepete mwa khwapa. Asanafike n'komwe pamsewu, anali atalowetsa kale zala zazikulu za manja onse pansi pa malambawo n'kumawakokera m'kati, mwini wake osadziwa kuti akutero.

"Ima pomwepo, usachotse zala," atelala anatero. "Ba mudala, taonani zala za mwanayu. Ntchito imene zikugwira zala ziwirizi ndiyo ntchito ya lamba wa pachifuwa, palibenso ina. Amangoletsa malamba a m'mapewa kuthawa, kuti manja akhale omasuka. Kunyamula sanyamula ayi."

"Nanga ndikamanga kwambiri sichipepuka?"

"Chipepuka bwanji madzi wathira wekha? Makilo khumi ndi makilo khumi. Ukamanga kwambiri ungobanika basi."

Anamuuza kuti amasule zonse ayambirenso. Choyamba lamba wa m'chiuno, akhale pamafupa osati pamimba, chifukwa katundu wambiri ayenera kutsikira m'miyendo kudzera pamenepo. Kenako malamba a m'mapewa, akokedwe mpaka chikwama chikhudze msana, koma osachikweza mpaka chiuno chisiye ntchito yake. Wa pachifuwa ndi wotsiriza. Atangomanga m'chiuno moyenera, mapewa a mnyamatayo anatsika okha, ndipo mmodzi wa madala aja anaseka n'kunena kuti theka la matenda lachira singano isanalowe.

Atelala anatenga choko pamwamba pa khutu. Anagwira fupa lopingasa la pansi pa khosi la mnyamatayo, n'kuika zala ziwiri mmunsi mwake, n'kulemba kamzere pa lamba wa kumanja, kenanso kumanzere.

"Apa ndiye poyambira. Ukamukweza kuposa apa, ukawerama kuyang'ana poponda akukanyanga pakhosi. Ukamutsitsa kwambiri, akufinya nthiti pamene zimafutukuka ukamapuma. Kodi umagwira ntchito yanji kuti uzisenza chinthu chachikulu chotere?"

"Ndimanyamula katundu wa alendo kumabwato, ba tela."

Ku Livingstone yankho limeneli silifuna kumasulira. Kupalasa mabwato amphira mu Zambezi, kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kunayamba mu 1981, nthawi ya a Kaunda, pamene a kampani ya ku America ya Sobek anatsika koyamba m'chigwa cha Batoka. Madzi akachepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa chaka, ulendo umayambira pa Boiling Pot, mmunsi mwa mlatho umene unamangidwa mu 1905. Mlendo amatsika ndi chipewa cholimba ndi nkhafi yake. Bwato lophwetsedwa, mapampu, zingwe ndi zakudya zimatsika pamitu ndi pamisana ya anyamata, ambiri a m'midzi ya mfumu Mukuni ndipo ena a m'makomboni a m'tauni muno. Madzulo zonsezo zimakweranso phompho la mamita oposa 100, m'tinjira tamiyala, penapake pamakwerero amitengo.

"Pokwera paja pamafunika manja onse awiri," mnyamatayo anatero. "Ukagwira malamba, mwala ugwira ndi chiyani?"

"Ndipo ukafika pakati pa chitunda umapuma bwanji?"

"Wefuwefu, mtima uli pakamwa."

"Ndiye ukufuna ndikumange kuti gwa?"

Anamuzunguliza tepi pachifuwa, n'kumuuza kuti atulutse mpweya wonse. Anagwira nambala ndi chikhadabo. Kenako anati akoke mpweya mmene angathere. Tepi inatsetsereka pakati pa zala za atelala, n'kusiya mpata wokwana zala zitatu. Anautukula m'mwamba kuti tonse tiuone.

"Mpata uwu ndi wa mapapo ako. Lamba wosausiya ndi lamba woipa, ngakhale atasokedwa mokongola bwanji."

Pansi pa makina pali thumba la zikwama zakufa, zimene atelala amatola kapena kupatsidwa ndi anthu zikang'ambika kotheratu. Mmenemo anasolola lamba wa nayiloni wa mamilimita 20 m'lifupi, amene anati ndiye woyenera pachifuwa: wocheperapo amadula mnofu, wokulirapo amasunga thukuta pachabe. Anadula zidutswa ndi lumo, n'kuyatsa kandulo. Nsonga iliyonse ankaidutsitsa pamoto kamodzi, nayiloni n'kuchita thovu lakuda, iwo n'kunyowetsa zala palilime n'kuitsina msangamsanga kuti iphwatalale. Nsonga yosawotcha imayamba kusasuka tsiku lomwelo, ndipo yowotcha koma yosatsina imauma ndi chibuluma chimene chimakanda khungu.

Zidutswa ziwiri anazigoneka m'litali mwa malamba a m'mapewa, china uku china uku, kuyambira pamwamba pang'ono pa mzere wa choko kutsika mmunsi. Anasintha singano n'kuika ya nambala 18, ulusi wa nayiloni, poti wa thonje umaola ndi thukuta ndi mame a mathithi. Sanasoke chidutswa chonse. Ankasoka mopingasa, kupita n'kubwerera kangapo pamalo amodzi, n'kudumpha mpata wa zala ziwiri, n'kusokanso. Pofika pa siponji yokhuthala ankasiya kupalasa, n'kumazunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, khutu lili tcheru kumvetsera singano. Pomaliza, lamba aliyense wa m'phewa anali ndi timipata tinayi totsatizana, timene iwo amatitcha makwerero. Lamba wa pachifuwa amalowa m'kampata kamene mwini wafuna, lero kachiwiri, mawa kachitatu.

"Zikwama zatsopano za m'masitolo zili ndi kapulasitiki kotsetsereka pakamzere, umangokankha ndi chala," mnyamatayo anatero.

"Ndimazidziwa. N'zabwino zikadali zatsopano. Koma kapulasitikiko kakavuka uli pansi pa chigwa, ukakapeza kuti kena? Kubwezeretsa kokhako n'chintchito. Makwerero anga sathamanga kusintha, koma ngakhale ndi chingwe cha nsapato ukhoza kumangapo."

Kenako anadula kachidutswa ka lasitiki yokhuthala. Anakasokera kumbuyo kwa lamba wa pachifuwa, koma lambayo anamusiya wokhwepa, atapanga kalinunda pamwamba pa lasitikiyo. Anakoka mbali zonse ziwiri kutionetsa: lasitiki inatamuka, kalinunda n'kuwongoka, ndipo itafika pa zala zitatu zija lamba anagwira, osapitirira. Lasitiki ikadzafa ndi dzuwa la kuno, monga imafera, lamba adzakhala akugwirabe. Pomangirira chokolekera cha pulasitiki cha mano atatu anasoka bokosi la ngodya zinayi, n'kudutsitsa mizere iwiri yopingasana pakati pake. Nsonga yokokera anaipinda kawiri n'kuisoka kuti isamasolokere kunja.

Mdala mmodzi wa nsolo, amene anapuma ntchito ku njanji, anali atasiya kale kusewera.

"Zonsezi n'zachiyani? Ife tinkasenza matumba pa siteshoni ndi nkhata pamutu, palibe anafunapo lasitiki. Ana a masiku ano mapewa awo ndi ofewa."

"Ba mudala, pa siteshoni ndi pathyathyathya," mnyamatayo anayankha mwaulemu. "Nafenso bwato timasenza pamutu. Koma pali malo ena pamene umakwawa ndi manja."

Mnzawo wa nsolo ndi mphunzitsi wopuma, munthu amene sataya pepala lililonse lolembedwa asanaliwerenge. Anati zikwama zimenezi nazonso zinayambira pakhonde. Mu 1952 munthu wina wa ku California, Dick Kelty, ankapinda zitsulo zopepuka za aluminiyamu kunyumba kwake, mkazi wake Nena n'kumasoka nsalu pamakina, ndipo chimene chinatchukitsa zikwama zawo ndi lamba wa m'chiuno wotsitsa katundu kuchoka m'mapewa. Mu 1967 Greg Lowe analowetsa zitsulozo m'kati mwa chikwama kuti chizikhala chomamatira kumsana pokwera miyala. Zokolekera zapulasitiki zotsina ndi zala ziwirizi zinabwera pambuyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

"Onsewo ankakonza chimene chinkawapweteka iwo eni," aphunzitsi anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto ndi lakuti ankayezera pamatupi awo. Chikwama chikafika kuno m'belo, chimapeza thupi lina."

Mayi wa chibwantu anaseka mpaka anaika chikho pansi.

"Ba ticha, mwapita mpaka ku America kukafuna chinthu chimene chili pamsana pa mkazi aliyense mumsika muno? Mwana timabereka ndi chitenge, mfundo ili pachifuwa. Akakhala wakhanda mfundo imakwera. Akalemera imasintha malo. Ukatopa mbali iyi umaisunthira mbali inayo. Munaonapo mayi wosokeratu mfundo ya chitenge kuti isamasunthe?"

"Mwamva, mufana?" atelala anatero osadzutsa mutu. "Amai awa akanakhala ndi makina, ine bwenzi ndikugulitsa chibwantu."

Nkhani ili m'kamwa, panafika mayi wina wachitsikana, wa geni yodutsa mlatho kukagulitsa ku tauni ya Victoria Falls, tsidya la Zimbabwe. Nayenso anali ndi chikwama chakumsana, chocheperapo. Lamba wa pachifuwa anachita kumudula yekha ndi lezala.

"Ba tela, amene anapanga chikwama ichi analibe mlongo wake. Lamba anamuika podutsa pamabere penipeni, wosokeratu. Kuyenda kuchoka pa boda yathu mpaka ya anzathu, ukafika ngati wamenyedwa. Koma chidulireni, malamba akungogwa m'mapewa, ndipo anyani a pa boda paja akaona chikwama cholendewera amadziwa kuti chakudya chafika."

Atelala anati vuto si lamba koma msinkhu umene anayezera: chikwama chinasokedwera munthu wa msana wautali ndi mapewa otambalala. Kwa amayi, lamba ayenera kukhala pamwamba pa mabere, ndipo nthawi zambiri amafuna kukhala wamfupi, chifukwa malamba a m'mapewa amayenera kuyandikana. Choko sanalembe okha. Anachipereka kwa mayi wa chibwantu, iwo n'kutembenukira kumakina.

"Ba sisi, pitani ndi amai awa kuseri kwa sitolo, mubereke chikwama, akulembereni pamene pakukomerani. Makwerero anu ndiwayambira pamwamba."

"Mundiikirenso chomangira chachitsulo, chovuta kumasula. Nyani akakoka alephere."

"Chimenecho sindiika. Nyani wamkulu akagwira chikwama inu muli womangidwa, agwetsa ndi inu nomwe pa tala. Kuli bwino apite ndi tomato. Chomangira cha pachifuwa chizitseguka ndi dzanja limodzi, kutsina kamodzi basi." Analoza mnyamata uja ndi lumo. "Iwenso wamva? Ukaterereka n'kugwera m'madzi chikwama chili kumsana, kapena nthambi ikakukola, nthawi yomasula mfundo palibe. Ndipo powoloka pamadzi, masuliratu."

Mnyamatayo anaberekanso zigubu zija. Anamanga m'chiuno, anakoka m'mapewa, kenako chokolekera chinalira kuti khe! Mwachizolowezi anakoka nsonga mpaka malamba a m'mapewa anapindikira m'kati, m'mphepete mwake n'kutukuka.

"Wapyola. Taona malamba akwinyika. Bweza mpaka agone bwino pathupi, zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba. Tsopano pita mpaka pampopi ubwere, uziponya manja."

Anapita akuponya manja, pobwera anakwera mulu wa njerwa wa a neba n'kutsika chakumbuyo, ana akumuseka. Anati pakhosi pakumveka pang'ono akawerama. Atelala anasolola lamba m'kampata koyamba n'kumulowetsa m'kachiwiri, mbali zonse ziwiri. Anapitanso, ndipo pobwera sananene kanthu, anangoyamba kupisa m'thumba.

Dzuwa litapendeka ana a sukulu anayamba kudutsa. Chichotsereni boma malipiro a sukulu mu 2022, gulu la yunifomu limadzaza msewu wonse nthawi yoweruka. Mayi wina anatulukira akukoka mwana wake wa giredi 4 padzanja. Chikwama cha mwanayo chinkalendewera mpaka kumatako, iye akuyenda chowerama, khosi lili patsogolo.

"Ba tela, musokereni lamba wa pachifuwa ngati wa mnyamata uyu. Koma wake musokeretu pamalo amodzi. Zosunthasunthazi ataya mawa lomwe."

"Amai, mwanayu mwezi wa Juni adzavala juzi, chifuwa chidzakula. Chaka chamawa adzatalika. Ndikasokeratu lero, mudzabwera kudzandilipiranso kuti ndisasule. Kutaya sataya, nsonga ndizipinda." Ananyamula chikwamacho ndi dzanja limodzi, n'kuchibwezera pansi msanga. "Koma ichi sindisoka kaye. Muli chiyani umu, njerwa?"

"Mabuku. Amanyamula onse tsiku lililonse, akuti akasiya ena kunyumba amasokoneza masiku."

Aphunzitsi anati madokotala ambiri amalangiza kuti chikwama cha mwana chisapitirire kwenikweni gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lake: mwana wa makilo 30, chikwama cha makilo atatu. Anatuma mwana wina kukabwereka sikelo yokoleka kwa wogulitsa kapenta. Muvi unazungulira mpaka kupyola kawiri pamene aphunzitsi ananena.

"Mwaona?" atelala anatero. "Ndikamumanga pachifuwa ndi katundu uyu, chikwama chisiya kugwa, inu muziti zatheka, koma msana ukusenzabe zomwezo. Lamba wanga angobisa mlandu."

"Inu ba tela, ndalama yabwera yokha pakhonde ndiye mukuikana?"

"Sindinakane. Ndati tiyambe tatsitsa katundu."

Anakhuthula chikwama pamkeka. Aphunzitsi anafunsa mwanayo maphunziro a mawa, n'kuika mabuku ake mbali imodzi, otsala mbali ina. Pansi pa mabuku panatuluka legeni, miyala yake yodzaza manja awiri, mpira wa mapepala apulasitiki wokulunga ndi zingwe, ndi nsapato imodzi ya mng'ono wake imene mayiyo anati akhala akuifuna nyumba yonse. Khonde lonse linafa ndi phwete, kupatula mwini chikwama amene anangoti ndwii kuyang'ana miyala yake. Atelala anafupikitsa malamba a m'mapewa kuti chikwama chikwere pamwamba pa chiuno, anauza mwanayo kuti mabuku olemera azikhala mbali yakumsana, ndipo pamenepo m'pamene anatenga choko. Kwa mwana anasankha lamba wopyapyala ndi chokolekera chofewa, n'kumuyesa kaye ngati angathe kuchitsegula yekha ndi tizala take.

Mtengo utatchulidwa, mayiyo anawerenga timipata pa lamba wa m'phewa ndi chala.

"Tinayi. Mwana akugwiritsa ntchito kamodzi. Ndilipira kamodziko ndi ka juzi. Tiwiri totsalati adzalipira yekha akadzakula."

"Amai, ulusi ndagula lero, sindidzagula akadzakula."

"Ndiye tengani miyala iyi muonjezere, nayonso yachoka m'chikwama chomwecho."

Mdala wa ku njanji anatambasula dzanja n'kuyamba kusankha yobulungira bwino. Anati pa nsolo pawo pankasowa isanu.